Kufunafuna Kumene Kumacha

Bambo anga anali osaona, ndipo kwa iwo kunkacha ndi mbalame basi. Dzuwa lituluke, lifike paliwombo, liwotche ngakhale mphasa imene agonerayo, ngati pumbwa sanalire iwo ankati kukadali usiku. Tambala sankamuwerengera. "Ameneyo ndi wabodza," ankatero, "amalira ngakhale atangolota madeya." Koma pumbwa akangoyamba zake mumtengo wa kuseri kwa nyumba, mkuluyo ankadzuka yekha, n'kusukusula, n'kumwa phala, n'kukhala pakhonde kuluka malichero mpaka madzulo.

Sindikumbukira chaka chimene mbalame zinachoka m'mudzi mwathu, chifukwa sizinatsanzike. Inayamba kupita ndi mitengo, ina kuzigafa za fodya, ina kumauvuni a njerwa, ina m'matumba a makala. Ine ndinangozindikira kuti phala layamba kumazizira m'mbale, mwini wake ali chigonere.

"Bambo, dzukani, kwacha."

"Sikunache."

"Dzuwa lili apa. Anthu abwerako kale kudimba."

"Anthu amayenda ndi usiku womwe. Iwe wamva chiyani?"

Ndinatchera khutu. Kunali mbuzi, wailesi ya kwa aneba, ndi tsache la munthu wina likukanda pansi. Za mumtengo kunalibe, poti ngakhale mtengowo kunalibe.

Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, tsiku lina ndinachita kuwakoka mwendo, Mulungu andikhululukire. Ankangolawa timadzi ndi kachakudya pang'ono ngati wodwala, n'kutembenukira kukhoma. Nthiti zinayamba kuoneka. Ndinaona kuti munthuyu andifera pamphasa asakudwala kanthu, kungoti usiku wake wakana kutha. Ndinapsa mtima, ndi iwo, ndi mudzi, ndi mbalame zomwe. Ndinamanga mphasa ndi kampeni kawo kosendera nsungwi, ndinawagwiritsa nsonga imodzi ya ndodo, ine ndinagwira inayo.

"Tikupita kuti?" anafunsa.

"Kukafuna kumene kumacha."

"Tiye. Kuyenda usiku ndiye ndinazolowera."

Malo oyamba amene anatisunga anali nyumba ya mpanda wa njerwa m'tauni ina. Mwini wake, Mayi Tambula, anandilemba ntchito yosesa pabwalo, n'kutipatsa kachipinda ka kuseri. Ndinkayesa kuti kusesa ndimakudziwa, mkazi wa kumudzi ine, koma kumeneko ndinakaphunziranso. Tsamba limodzi likagwa unali mlandu. Mayiwo ankafuna kuti mizere ya tsache izioneka pansi ngati mmene chipeso chimadutsira m'mutu, ndipo kapinga wa kumaso ankamupopera mankhwala kuti pasapezeke ngakhale chitete. Bwalo linali loyera, loti n'kudyerapo, ndipo linali zii ngati kumanda.

Kuseri kunali mtengo umodzi wa gwafa. Bambo anauzindikira ndi mphuno.

"Mwanawe," anatero ali chigonere, "mbalame siifuna mpando. Imafuna madzi osazama, pobisala, ndi zinyalala zoti ipalase. Pansi poyera n'pa anthu ndi amphaka."

Ndinatola phale la mphika wosweka, ndinathiramo madzi, ndinaliika patsinde pa gwafayo. Pambali ndinamwaza mawere odzaza dzanja, ndipo masamba a pamenepo ndinkawalambalala ndi tsache. Panapita masiku. M'mawa wina katimba kanatera pampanda, kanayang'ana uku ndi uku, kanalira kamodzi kokha. Ndinaona mutu wa bambo ukudzuka pamphasa.

Tsiku lomwelo Mayi Tambula anazungulira kuseri, kumene sankafikako n'komwe.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi madzi a mbalame, mayi."

"Kwanu mbalame zimamwera m'phale? Nanga mawerewa? Pansi pa mtengo, m'nyumba mwanga?" Anabwerera chafutambuyo atagwira pachifuwa. "Ndimadabwa kuti abambo a kuno asintha bwanji masiku ano. Kani ndiwe."

Abambo a pakhomopo, ndi chimimba chawocho, ngakhale akanandipatsa ulere ndikanabweza. Koma amene waona phale ndi mawere pansi pa mtengo waona mankhwala, umuuze chiyani? Mayi Tambula anaitanitsa anthu a mapemphero, anazungulira phale langa akulikalipira, analiswa ndi chidendene. Madzulo ake gwafa uja anadulidwa kuti zoipa zisowe pokhala. Ife tinali kale pamsewu, ine kutsogolo, bambo kumbuyo kwa ndodo.

Tinayenda mpaka nthaka inayamba kuda ndi kunyowa. Tinafika kudambo kumene amalima mpunga, ndipo tisanaone n'komwe nyumba, ndodo inagwedezeka m'dzanja langa. Bambo anali ataima.

"Wamva?"

Zinali mpheta, zambirimbiri, zikuuluka ngati utsi pamwamba pa minda. M'mawa mwake mkuluyo anadzuka yekha. Anati si apumbwa, izi zimalankhula zonse pakamodzi ngati amayi a kuchigayo, komabe kwacha. Anamwa phala mbale yonse, anapempha nsungwi, ndipo manja aja anakumbukira ntchito yawo. Masaya anayamba kubwerera.

Ntchito imene ndinapeza kumeneko ndi imene inkandidya mtima. A Sumaili, mwini munda, anandiimika pachulu pakati pa mpunga, n'kundipatsa zingwe zomangirira zitini. Mpheta zikatera, ndikoke, zitini zilire, zithawe. Ndinaphunzira kukoka ndi dzanja ndi phazi lomwe, kukuwa mpaka mawu kusasa, kuponya dothi louma patali. Ndinkadya chifukwa choingitsa zimene zinkadzutsa bambo anga. Nthawi zina ndinkachita dala kuchedwa kukoka, ndipo a Sumaili anandiona.

"Mlongo," anatero mofatsa, poti sanali munthu woipa, "chifundo chakochi chidyetsa ana anga?"

Mpunga unali wawo, njala inali yawo.

Chaka chimenecho alimi onse a m'dambomo anatopa ndi zitini. Anapangana, anabweretsa mankhwala, anakathira m'mabango mmene mphetazo zinkagona ndi m'zithaphwi mmene zinkamwa. Koma mankhwala sasankha. Kutacha ndinapeza mpheta zili mbwee m'matope, pamodzi ndi njiwa, akakowa, ngakhale nantchengwa amene sanalawepo mpunga wa munthu chibadwire. Ndinaima pachulu changa, zingwe zili m'manja, palibe choti ndiingitse. Nditabwerera kumsasa ndinapeza lichero lolukidwa theka lili pansi, bambo atayang'ana kukhoma.

"Sikunache," anatero ndisanatsegule n'komwe pakamwa.

Za zaka zotsatirazo sindingazilongosole bwino, zinasakanikirana. Tinkalowa m'mudzi, n'kukhala ngati ndi womwe tachokamo: msewu womwewo, zitsa zomwezo, mayi yemweyo atawerama ndi tsache, utsi wa zinyalala ukukwera kuseri kwa nyumba iliyonse. Kwina ndinaumba njerwa, kwina ndinasankha fodya, kwina ndinachapa mbale pamalo odyera a pasiteji. Kulikonse ndinkaika kamadzi pansi pa chitsamba chilichonse chimene chatsala, ndipo kulikonse kankapezeka ndi wina: mbuzi, mwini nyumba, kapena ana a malegeni amene ankabisala pafupi kudikira chimene chitere. Mudzi wina timba anabweradi, koma ndinamupeza masana atamatirira paulimbo, ana akulimbirana kuti awotche ndani. Kanyama kake kosakwana ngakhale kutsuka mkamwa.

Pasiteji paja wogulitsa mayunitsi wina anatimvera chisoni. Anati vuto limeneli ndi laling'ono, anatulutsa foni, anaiika pakhutu la bambo. Munatuluka kulira kwa mbalame, kokoma ndithu, ine ndemwe ndinatembenuka kuyang'ana m'mwamba. Bambo anamvetsera pang'ono, n'kukankha dzanja la munthuyo.

"Imeneyi ikulira osapuma, osayembekeza kuti inzake iyankhe. Inafa kale imeneyi. Zikomo, achimwene."

Ndinafuna kuwatsina. Ndinati m'mtima, munthu wosaona koma wosankha ngati mkamwini wolemera. Koma tsiku lomwelo ndinaona china choopsa: foni ija anachita kuikanikiza pakhutu penipeni kuti amve. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuzindikira kuti ndikalankhula ndili kumanzere kwawo sayankha. Makutu anali atayamba kutsekeka. Ndinadziwa kuti ndikapanda kuwapezera mbalame msanga, zidzabwera iwo atatseka kale chitseko.

Ndinasiya kufuna kumene kumacha, poti ndinaona kuti kulibe. Ndinati ndikupanga ndekha.

Kumapeto kwa mudzi wina kunali bwinja, kanyumba kodontha ndi bwalo limene aliyense ankalikana chifukwa cha miyala. Analola kuti tikhalemo. Panali chitsa cha mkuyu chimene chinali chitaphukiranso, ndi tchire la minga cha kumunsi. Kumeneko ndinaphunzira ntchito yovuta kuposa zonse, ntchito yosagwira tsache. Musaseke. Dzanja la mkazi limayabwa likaona tsamba pansi. Ndinkasesa pakhomo penipeni pokha, poti ndidutse ndi ndowa, kwinako ndinkangopenya. Udzu ndinausiya kuti ubereke njere. Ndinabzala mapapaya, nandolo ndi mpendadzuwa, ndipo papaya likapsa ndinkathyola limodzi, linzake n'kulisiya mumtengo kuti libooledwe. Zinyalala sindinkatentha, ndinkaziunjika pansi pa mkuyu kuti zifunde, tizilombo tibadwiremo. Madzi ndinaika pachivundikiro cha mgolo, osazama, pakati ndinaikapo mwala woti ziziterapo, ndipo ndinazunguliza minga chifukwa cha amphaka. Ana a malegeni ndinkawathamangitsa ndi chikuni, mpaka anandipatsa dzina limene sindilitchula pano.

Mnansi wanga anali Nangondo, mayi wa mtima wabwino ndi pakamwa posatseka. Bwalo lake linkawala ngati mbale.

"Anzanga," ankatero ataima m'malire atagwira m'chiuno, "kodi mukudwala msana? Ndikubwerekeni tsache?"

"Ndili nalo."

"Nanga thengoli? Mukuweta njoka? Mkazi amadziwika ndi pabwalo pake, anthu akukunenani kumjigo."

"Anene. Ndikuitana mbalame."

"Mbalame zimaitanidwa? Zija n'za Mulungu, zimabwera zokha."

"Nanga zili kuti?"

Anayang'ana m'mwamba, kumwamba kuli mbee, ndipo anaoneka wodabwa ngati akuona koyamba. Kenaka anati mwina zapita kwina, zibwera, n'kubwerera kukasesa.

Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Mkuyu unafika msinkhu wa denga. Mbalame zinayamba ndi timba, kenaka tinjiwa tiwiri, koma zinkabwera mwakachetechete ngati alendo oopa agalu, ndipo khutu lotsala la bambo silinkazigwira. Ndiye tsiku lina ndinaona apumbwa awiri, ndi tizipewa tawo takuda, akulowa ndi kutuluka m'tchire la minga lija atanyamula udzu kukamwa. Ndinathamangira m'nyumba, ndinagwada kumanja kwawo.

"Bambo, apumbwa akumanga chisa."

"Akamanga ayimba," anatero, ndipo kanali koyamba kuwaona akumwetulira chichokere kudambo kuja. "Usawayang'anitsitse, ali ndi manyazi."

Sabata yomweyo malungo anawagwira. Thupi linatentha ngati mbaula, anayamba kubwebweta, ndipo ndinawakweza pakabaza kupita nawo kuchipatala. Tinakhalitsako. Ine ndinkagona pansi pa bedi, maganizo ali kuchisa. Anachira, poti mkulu ameneyo imfa yomwe inkatopa naye, ndipo tinabwerera.

Nditakhota pa njira yolowera kwathu ndinayesa ndasochera. Bwalo linali loyera. Udzu wonse unali utalambulidwa, tchire la minga litadulidwa n'kutenthedwa, phulusa lake likadali lofunda. Mkuyu anausadza nthambi zonse za m'munsi, nandolo anazula, chivundikiro changa anachitsuka bwinobwino n'kuchiimika pakhoma. Pansi ponse panali mizere ya tsache, yokongola, yolunjika.

Nangondo anatulukira akupukuta manja pachitenje, nkhope ili ngwee, amayi ena ali pambuyo pake.

"Mwabwerako? Tithokoze Mulungu. Ife tinamva kuti agogo ali kayakaya, ndiye tinati zikachitika, anthu a maliro adzakhala pati? Pathengo? Manyazi akanakhala a mudzi wonse. Tagwira kuyambira m'mamawa, osadya."

Ankadikira zikomo. Anali atatuluka matuza m'manja chifukwa cha ine, ndipo mwa chilungamo chawo anali atandichitira chinthu chachikulu. Ndinayang'ana phulusa lija. Ndinafuna kulira, koma chimene chinatuluka ndi mawu.

"Munakonzera maliro munthu wamoyo. Chimene chikanamudzutsa ndi chimene mwatenthachi. Inu anthu, tsache linakulodzani? Simungaone tsamba osalithamangitsa? Mwasesa mpaka kumwamba kwayera, ndiye mukuti zapita kwina. Kwina kuti, poti kulikonse kuli inu?"

Anayang'anana. Wina ananong'ona kuti chipatala chimasokoneza mutu. Nangondo anangoti, "Chabwino, pepani potithandiza," mawu atamupotokera ndi ukali, n'kutembenuka. Bambo anali chiimire kumbuyo kwa ndodo, akununkhiza mpweya.

"Kwapsa chiyani?" anafunsa.

"Palibe, bambo. Tiyeni mukagone."

Ndinayambiranso, nanga n'kutani. Ndinakatema minga kutali n'kudzaiunjika pomwe panali tchire. Ndinabzalanso, ndinabwezera madzi pamalo pake, zinyalala ndinkachita kukapempha kwa anthu omwe ankafuna kuzitentha, iwo n'kumaseka. Patapita nthawi Nangondo anayamba kumandiponyera makoko a nandolo m'malire, osalankhula, nkhope atayang'ana kumbali. Sindikudziwa ngati kunali kupepesa kapena kutaya zinyalala.

Koma mtengo suthamanga, pamene makutu ankathamanga. Malungo aja anali atatengako gawo lake. Poyamba ndinkachita kukuwa pakhutu la kumanja, kenaka ankangomva kuti kukuwomba kamphepo. Tsiku lina mphika unandipulumuka n'kusweka pafupi ndi mutu wawo, iwo osaphethira n'komwe. Anasiya kunena kuti sikunache. Ankangogona, opepuka ngati mtolo wa mapesi, ndipo madzi ndinkachita kuwadonthezera ndi supuni.

Apumbwa anabwerera m'chilimwe, nthawi imene zitsime zimaphwa ndipo madzi a pabwalo panga anali okhawo m'dera lonselo. Ndinadzidzimuka m'mawa wina ndi phokoso. Anali mumkuyu, akuyankhizana, timba ndi njiwa zikuthira ndemanga, bwalo lonse lili pwirikiti. Ndinagwada pamphasa, ndinaika pakamwa pakhutu lawo.

"Kwacha, bambo. Abwera. Akuyimba."

Palibe. Ndinakuwa mpaka kukhosi kunawawa, mbalame zomwe zinathawa. Anangosuntha phewa ngati pagwa ntchentche.

Ndinatuluka panja ndipo ndinazitukwana, sindibisa. Ndinati zitsiru inu, zaka zonsezi munali kuti? Ndakusakani dziko lonse, ndatchedwa mfiti, ndatchedwa waulesi, ndatchedwa wamisala, lero ndiye mwabwera kudzayimbira khoma? Ndinakhala pansi pakhomo. Zinabwerera pang'onopang'ono, poti ludzu silimva kutukwana. Pumbwa mmodzi anatera pamwala uja, analowa m'madzi, anayamba kusamba, kukupiza mapiko, madzi n'kumathovukira kunja mpaka dothi lozungulira linada.

Ndinayang'ana dothi lonyowalo kanthawi. Kenaka ndinalowa m'nyumba, ndinagwira mphasa kumutu, ndinaikoka ndi munthu wake yemwe kutuluka nayo panja. Sanalemere n'komwe. Ndinasuntha minga, ndinawagoneka pafupi ndi madzi, ndinatambasula mkono wawo m'mphepete mwa chivundikiro, chikhatho chitayang'ana kumwamba. Anayesa kuubweza, ine ndinaupanikiza pansi mpaka anagonja. Ndinawafunditsa chitenje chakuda, ndinabwerera pakhomo, ndinakhala chete.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha sindinabadwe nako. Dzuwa linakwera, thukuta linatsika, mwendo unachita dzanzi. Mbalame zinkatera mumkuyu, kuyang'ana chinthu chachilendocho, n'kubwerera. Ndinkapemphera kuti Nangondo asatulukire ndi moni wake. Kenaka katimba, kopanda nzeru kaja, kanatsika, kanamwa, sikanafe. Pumbwa anatsatira. Anaima pamwala, anapendeketsa mutu, analowa m'madzi.

Madontho anagwera pachikhatho, pamkono, ena pamphumi.

Zala za bambo zinagwedezeka. "Mvula," anatero ndi mawu okhala ngati a m'chitini. Anakweza mphuno, ananunkhiza, koma kunalibe fungo la mvula, kunali fumbi ndi dzuwa likuwawotcha patsaya. Madontho anabweranso, pang'ono, n'kuleka, n'kubweranso, ndi kamphepo ka mapiko. Ndinaona nkhope ija ikumasuka pang'onopang'ono.

"Zikusamba," ananong'ona.

Sanasunthe mkono mpaka pumbwa anamaliza n'kuulukira mumtengo. Atatero anagwira pansi, anadzikankha, anakhala tsonga okha, mafupa akulira. Anapukuta kumaso ndi madzi omwe anali pachikhathowo, anatembenuzira mutu kumene ankaganiza kuti ndili, ndipo analakwitsa, anayang'ana kunkhokwe.

"Iwe mwana," anatero mokweza, monga amachitira anthu osamva, "kwacha kalekale. Phala lili kuti? Ulesi umenewu unautengera kwa yani?"

M'nyumba munalibe ngakhale khala la moto. Ndinatola chigoba, ndinadumpha malire, ndinathamangira kwa Nangondo kukapala moto, ndikulira ndi kutukwana njira yonse.